Kafukufuku watsopano akabwera, kodi wakale amatayidwa?

Amayi, ena mwa inu mukukumbukira nthawi imene mayi yemwe ali ndi kachilombo ka HIV ankauzidwa kuti, ngati angakwanitse, asayamwitse, kapena aletse mwana bere msanga. Lero kusikelo akunena zina: mwana ayamwe, mayi azimwa ma ARV. Mwana wanu kapena mpongozi wanu atakufunsani kuti amvere ziti, mungamuyankhe bwanji? Ena amangoti achipatala sadziwa chimene akufuna. Koma mukatsata mmene nkhaniyi inayendera, muona kuti kafukufuku aliyense watsopano ankayankha funso limene wam'mbuyo analisiya.

Tiyambire ku Nairobi, m'dziko la Kenya. Kumeneko amayi 425 omwe anali ndi kachilomboka anagawidwa mwamaere m'magulu awiri: ena aziyamwitsa, ena azipatsa ana mkaka wam'chitini. Zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2000. Pomwe anawo ankakwanitsa zaka ziwiri, pafupifupi 37 mwa ana 100 alionse a gulu loyamwitsa anali atatenga kachilombo, pomwe a gulu linalo anali pafupifupi 21. Choncho zinatsimikizika kuti kachilombo kamadutsadi mumkaka wam'mawere. Koma musaiwale zinthu ziwiri: amayiwa sankamwa ma ARV, ndipo ankakhala mumzinda momwe madzi apampopi ankapezeka.

M'chaka cha 2006 kunabwera zotsatira za kafukufuku wina wa ku Botswana. Kumenekonso ana omwa mkaka wam'chitini amene anatenga kachilombo anali ochepa. Koma ofufuza atawerenga imfa, anapeza kuti pofika miyezi isanu ndi iwiri, pafupifupi ana 9 mwa 100 alionse a mkaka wam'chitini anali atamwalira, pomwe mwa oyamwa anali 5. Ambiri anafa ndi matenda otsegula m'mimba ndi chibayo. Kodi pamenepa a ku Nairobi ananama? Ayi. Kachilombo kankadutsabe mumkaka monga iwo ananenera. Chimene chinaonekera poyera tsopano n'chakuti bere limatetezanso mwana ku matenda ena, ndipo kumulanda bere kuli ndi mtengo wake, makamaka kumene madzi aukhondo ndi nkhuni zowiritsira mabotolo n'zovuta.

Chaka chotsatira, cha 2007, ofufuza a ku South Africa anawonjezera china. Anaona kuti kuyamwitsa kumasiyana. Ana amene ankayamwa kwinaku akupatsidwa phala kapena zakudya zina adakali makanda ankatenga kachilombo kwambiri kuposa amene ankayamwa mwakathithi, kutanthauza bere lokha popanda madzi kapena phala.

Funso lotsala linali lakuti, nanga tingatani kuti mwana ayamwe koma asatenge kachilombo? Ena mwa amene anathandiza kuliyankha ndi amayi a kuno kwathu. Ku Lilongwe kunachitika kafukufuku wotchedwa BAN, wa amayi 2,369 ndi ana awo, ndipo zotsatira zake zinatuluka m'chaka cha 2010. Mwa ana omwe analibe kachilombo ali ndi masabata awiri, pofika masabata 28 pafupifupi 6 mwa 100 alionse anali atakatenga m'gulu lomwe linangolandira mankhwala a nthawi yobereka. M'gulu lomwe amayi ankamwa ma ARV nthawi yonse yoyamwitsa anali 3, ndipo m'gulu lomwe ana ankamwetsedwa Nevirapine tsiku ndi tsiku anali 2. M'chaka cha 2011 dziko la Malawi linakhala loyamba kukhazikitsa ndondomeko yakuti mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa yemwe ali ndi kachilombo ayambe ma ARV ndi kumwa moyo wake wonse. Ndipo kuyambira 2016, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi yemwe akumwa mankhwala ayamwitse mwakathithi miyezi isanu ndi umodzi, kenako apitirize pamodzi ndi zakudya zina mpaka mwana atakwanitsa chaka chathunthu, ngakhale kufikira zaka ziwiri kapena kupitirira.

Akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga. Kafukufuku mmodzinso sasenza yekha langizo lachipatala. Choncho mukamva pawailesi kapena pa WhatsApp kuti akatswiri apeza zakutizakuti, musathamange. Dzifunseni mafunso anayi.

Loyamba, anafufuza pa anthu otani? Zimene zinapezeka pa amayi amumzinda, a madzi apampopi, sizingagwire chimodzimodzi kumudzi kotunga pachitsime.

Lachiwiri, anawerenga chiyani? Kuwerenga ana amene sanatenge kachilombo n'kosiyana ndi kuwerenga ana amene ali moyo. Kholo limafuna zonse ziwiri.

Lachitatu, chasintha n'chiyani kuchokera pa kafukufuku wam'mbuyo? M'nkhani yathuyi chinasintha ndi kubwera kwa ma ARV, omwe amachepetsa tizilombo m'magazi ndi mumkaka momwe.

Lachinayi, kodi ena apezanso zomwezo? Zotsatira za malo amodzi, pa anthu ochepa, zimafunika kudikira kuti zitsimikizidwe kwina. N'chifukwa chake Unduna wa Zaumoyo susintha malangizo tsiku lomwe nkhani yamveka.

Dziwaninso kuti phunziro la ku Nairobi lija likadali loona mpaka lero. Mayi akasiya mankhwala kapena akamadumphadumpha masiku, tizilombo timachulukanso ndipo mwana woyamwa amakhala pangozi monga kale. Ngakhale mayi akumwa mokhulupirika, ngoziyo imachepa kwambiri koma siitheratu. N'chifukwa chake mwana amayezedwa ali ndi masabata asanu ndi limodzi, akakwanitsa chaka, ndiponso pa zaka ziwiri.

Inu ndi amene mumakhala pafupi ndi mayi wachikuta, ndipo mawu anu amamveka kuposa a pawailesi. Wina akamuuza kuti aletse mwana bere chifukwa kale ankatero, kapena asiye mankhwala chifukwa cha uthenga wapafoni, mulimbikitseni asasinthe kanthu payekha. Muperekezeni kusikelo, akafunse namwino kapena mlangizi wa zaumoyo kuti nkhani yatsopanoyo ikugwirizana bwanji ndi zimene zikudziwika kale.