Mashoko akumbuyo: ntchito yotheka pakhomo

Pikiapu ya Nissan NP200, imene inkapangidwa ku Rosslyn, kumpoto kwa Pretoria, kuyambira 2008 mpaka 2024, ikutumikirabe amalonda ang'onoang'ono a ku Soshanguve ndi Mamelodi. Inapangidwa kuti izisenza makilogalamu 800, koma ena amaipachika katundu wopyola muyeso, ndipo mashoko akumbuyo sachedwa kutopa. Amayamba kuchucha mafuta, galimoto n'kumanjanja ikadutsa pabampu. Choopsa kwambiri n'chakuti tayala silikhazikika pansi, motero mabuleki amachedwa kuimitsa galimoto.

Pa galimotoyi shoko ndi sipuling'i zili padera, choncho mwini wake angathe kusintha yekha ndi masipanala wamba. Atsekereze matayala akutsogolo, anyamule galimoto ndi jeke, kenaka aikhazike pa zitsulo zochirikizira. Njerwa, zimene ambiri amazidalira, zimaphwanyika mosachenjeza. Jekeyo aichirikizire chitsulo cholumikiza matayala kuti sipuling'i isachoke m'malo, ndipo amalize mbali imodzi asanayambe inzake. Mashoko amasinthidwa onse awiri, ngakhale litawonongeka limodzi. Mabawuti apansi amamangitsidwa galimoto itatera kale pansi. Kupanda kutero, mphira zake zimapotoka n'kung'ambika msanga.