Paipi Ikaphulika m'Sitima ya Nyukiliya

Mukaona sitima ya pa njanji ikucoka ku Moatize itasenza malasha, mumadziwa kuti malashawo akukayaka moto kwina. Koma pa nyanja pali sitima zina zimene sizifuna malasha kapena dizilo. Zimayendera yuraniyamu, mtundu wa mwala uja umapezeka ku Kayelekera, m'boma la Karonga ku Malawi. Dziko la Russia lili nazo zingapo zoswa madzi oundana. Yoyamba, dzina lake Lenin, inayamba nchito mu 1959.

M'kati mwa sitima yotere muli mphika waukulu wacitsulo, umene amauchula kuti riyakita. Mmenemo yuraniyamu amatentha popanda lawi kapena utsi. Madzi amazungulira m'mapaipi, kutenga kutenthako, kukapanga nthunzi yoyendetsa injini. Madziwo amafika pafupifupi madigiri 300, koma sawira ai, cifukwa apanikizidwa kwambiri.

Vuto lake nali. Moto wa pa mbaula mukauthira madzi, watha. Riyakita siitero. Ngakhale muizimitse, yuraniyamu amapitiriza kutentha kwa masiku ambiri. Ndiye paipi ikang'ambika, madzi amathawa ngati nthunzi, mphika n'kutsala wouma, zitsulo zam'kati n'kuyamba kusungunuka. Poizoni wake saoneka ndi maso, sanunkha, koma amapha.

Zinacitikapo. Pa 4 July 1961, m'sitima yankhondo ya Soviet Union yoyenda pansi pa madzi, yochedwa K-19, paipi ya madzi oziziritsa inabooka. Munalibe njira ina yothirira madzi. Amalinyero analowa okha m'cipinda ca riyakita, naocerera paipi yatsopano yocokera ku madzi akumwa. Sitima inapulumuka, koma amuna 8 anamwalira pasanathe mwezi.

Nanga akatswiri amateteza bwanji? Amatsekera riyakita m'cipinda colimba cacitsulo, kuti zotuluka zisafike kwa anthu. Koma cipinda cokha sicikwanira, pakuti nthunzi ikaculuka ingaciphulitse. Apa ndi pamene madzi amalowanso nchito.

Ngati munaonapo mmene amachezera kacasu kumudzi, mwamva kale. Nthunzi imacoka mu mtsuko, kudutsa mu mpope umene wamira m'madzi ozizira, n'kutuluka ili madontho. M'sitima zina nzeru yake ndi yomweyo. Paipi ikaphulika, nthunzi imakankhidwira m'thanki ya madzi ozizira. Ikangolowamo imasanduka madzi, mphamvu yake n'kutha, ndipo poizoni wina amatsalira momwemo. Akatswiri ena amati ndi bwino kungomiza mphika wonsewo m'madzi kuyambira paciyambi, kuti paipi ikasweka, iswekere m'madzi. Kunena zoona, nzeru imeneyi ndi yokoma, cifukwa siidikira magetsi, pampu kapena munthu wothamanga usiku. Madzi ali pomwepo kale.

Kuipa kwake n'kwakuti madzi amalemera. Lita imodzi ndi kilo imodzi, ndipo sitima ikasenza madzi ambiri, malo a katundu amacepa.