Madzi ooneka mbee si madzi okhaokha

Mukatunga madzi padoko la Kachulu, kugombe la kumadzulo kwa nyanja ya Chilwa m'boma la Zomba, n'kuwasiya m'ndowa usiku wonse, matope amadikha pansi ndipo pamwamba pamayera mbee. Musanyengeke nawo.

Asayansi amagawa zinthu pawiri: zopanda chosakaniza chilichonse, monga madzi enieni otchedwa H2O, ndi zosakanikirana. Madzi a Chilwa ali m'gulu lachiwirili. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Domasi, Likangala ndi mitsinje ina imangothiramo, dzuwa n'kumaumitsa, mchere n'kumatsalira. N'chifukwa chake amamveka kamchere, makamaka akachepa m'chilimwe.

Matope sasungunuka, choncho nsalu imawagwira. Mchere umasungunuka n'kudutsa pansalupo, ndipo ngakhale muwiritse bwanji suchoka. Choopsa kwambiri ndi tizilombo ta kolera, tomwe takhala tikusautsa asodzi ogona m'zimbowera. Sitioneka ndi maso, ndipo natonso timapyola nsalu. Timafa mukawiritsa madziwo kapena kuthiramo klorini.

Yambani ndi kusefa, popeza matope amafooketsa mphamvu ya klorini. Kenako thirani WaterGuard motsatira malangizo a pabotolo, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe kapena kupangira Thanzi ORS.