Ulendo wanga wa ku mishoni ya Nguludi

Kwa zaka zisanu ndakhala ndikuphunzitsa mbiri ya John Chilembwe pasukulu ina ya sekondale yoyendera kuno ku Mulanje, koma malo amene ndimawatchula m'kalasi ndinali ndisadawapondeko. Ife a kuno tikamva zokaona malo timaganiza za azungu obereka zikwama pokwera Sapitwa. Ndiye patchuthi chapitachi ndidakwera minibasi yodzera msewu wa Midima, n'kutsika pamphambano ya ku Nguludi, kenaka kabaza mpaka ku mishoni ya Akatolika ya Nguludi, m'boma la Chiradzulu.

Mishoniyi adayitsegula ansembe a chipani cha Montfort mu 1903, patangotha zaka ziwiri chifikire ku Nzama, m'boma la Ntcheu. Lero kuli tchalitchi, chipatala cha St Joseph komanso yunivesite ya Katolika imene idayamba mu 2006.

Ine si Mkatolika, choncho ndidaima pakhomo la tchalitchi ngati mkamwini wachilendo, osadziwa ngati n'koyenera kutulutsa foni n'kujambula. Amayi ena ankasesa mkatimo. Mmodzi adandifunsa ngati ndikufuna bambo mfumu. Nditayankha kuti ndangobwera kudzaona, adaseka: "Kudzaona chiyani, achimwene? Lero si Lamulungu." Komabe adandilola kukhala pabenchi yakumbuyo.

Ndili pabenchipo ndidakumbukira chimene chidandibweretsa. Nkhondo ya Chilembwe idayamba usiku wa pa 23 Januwale 1915, pamene William Jervis Livingstone, kapitawo wankhanza wa minda ya Bruce, adaphedwa ku Magomero. Izi mwana aliyense wa Fomu 3 amazinena ali chitsinzinire. Zimene sitikhalitsapo n'zakuti pa 26 Januwale anthu a Chilembwe adaukiranso mishoni ino, n'kuyatsa moto. Wansembe wina, bambo Swelsen, adavulazidwa kwambiri koma adachira. Kamwana kamasiye, kakakazi, kamene kankaleredwa pamishoni kadafera m'motomo. Sikanali kamzungu wa thangata. Kanalibe munda, kanalibe chikoti.

Musandimve molakwa. Chilembwe ndi ngwazi, ndipo pa 15 Januwale ndimaimba nawo nyimbo ndi mtima wonse. Thangata inali nkhanza, ndipo kubwezera kwa atsamunda kudaposa muyeso: tchalitchi chake cha ku Mbombwe, chomwe sichili patali ndi Nguludi, adachigumula ndi mabomba, otsatira ake ambiri adanyongedwa kapena kuomberedwa, ndipo mwini wake adaphedwa pa 3 Febuluwale kudera lakwathu kuno akuthawira ku Mozambique. Koma ndidachita manyazi kuti kwa zaka zisanu ndakhala ndikuwerengetsa ana mayina a akuluakulu okhaokha, kamwana kaja osakatchula ngakhale kamodzi.

Palinso china chotikhudza ife Alhomwe. Makolo athu ambiri adabwera kuchokera ku Mozambique n'kukhala m'minda ya azungu, ndipo ena mwa iwo adali ndi Chilembwe. Nkhondo itatha, boma linkakayikira mipingo ya anthu akuda, ndipo Alhomwe ochuluka adalowa Chikatolika. Agogo anga aakazi adamwalira ndi korona m'manja. Tsiku limenelo ndidayamba kudzifunsa ngati korona yawoyo idalibe chiyambi chake m'masiku amenewo.

Chimene chidandiwawa n'chakuti mlendo wosadziwa mbiriyi akhoza kufika, kuona njerwa, n'kubwerera chimanjamanja. Ndikadakonda a mpingo ndi a nthambi ya boma yosunga zakale akadagwirizana zophunzitsa achinyamata a m'deralo kuti azilondolera alendo kuchokera ku Nguludi kukafika ku Mbombwe tsiku limodzi.

Ndakambirana kale ndi aphunzitsi aakulu kuti teremu ikubwerayi nditengeko ana a Fomu 3. Vuto ndi ndalama ya minibasi, ndipo makolo ena andiuza kuti tidikire akolole nandolo.