Masika Pakati pa Phiri ndi Nyanja

Anthu ambiri okhala m'makomboni a Lusaka, ku Chipata, ku Matero, ku Kanyama ndi ku Chawama, ndiponso ogwira nchito ku migodi ya ku Kitwe ndi ku Luanshya, ali ndi makolo ocokera ku Nyanja ya Malawi. Atonga a ku Nkhata Bay anachuka kale ndi maulendo okafuna nchito kutali, ndipo ena mwa iwo sanabwerere konse. Adzukulu ao amadziwa dzina la mudzi, koma nyanjayo sanaione. Nkhani ya lero ifotokoza m'mene dziko la kumpoto kwa nyanjayo limakhalira pa masika, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, pamene mvula irinkutsazika ndipo cisanu cisanafike.

Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo kumpoto kuya kwace kumafika pafupi mamita 700. Iri m'cigwa cacikuru pakati pa mapiri. Kumadzulo kuli mapiri a Viphya ndi a Nyika, ndipo mbali ina ya Nyika iri m'dziko la Zambia. Kutsidya kuli mapiri a Livingstone a ku Tanzania. Pa masika ndi pamene mapiriwa amaoneka bwino koposa, pakuti mvula yatsuka pfumbi lonse ndipo utsi wa moto wa m'thengo sunayambe. Munthu woima pa Khondowe, pamene Dotolo Robert Laws anakhazika misyoni ya Livingstonia m'caka ca 1894, amaona madzi obiriwira pansi pace ndi mapiri a dziko lina patali. Pafupi pomwepo mathithi a Manchewe akali kulindima ndi madzi a dzinja, ndipo mseu wa Gorodi umatsika mokhotakhota kukafika kugombe ku Chitimba.

Cimene cimadabwitsa alendo ndi ici: mvula ikamatha ndi pamene nyanja imadzala. Cifukwa cace ncosabvuta. Madzi ogwa pamapiri safika kunyanja tsiku lomwelo. Amayamba alowa m'nthaka ndi m'madambo, kenaka natsika pang'onopang'ono ndi mitsinje monga Rukuru, Luweya, Songwe ndi Ruhuhu. Ndiponso ku Nkhata Bay mvula imacedwa kuleka kusiyana ndi ku Lusaka. Cotero madzi amakwera koposa ca mu Epulo kapena Meyi, ndipo pambuyo pace amatsika mpaka mvula yina. Mtsinje woturuka m'nyanjayi ndi umodzi wokha, Shire, ndipo madzi ambiri amamwedwa ndi dzuwa. Kuyambira ca mu 1915 kufikira ca mu 1935 nyanja inatsika kotero kuti Shire analeka kuturutsa madzi ace. M'caka ca 2024 inakwera mpaka kulowa m'nyumba za m'mphepete. Kuyambira 1966 madzi a Shire amapanga magetsi pa Nkula, motero mvula ya pa Nyika ndi imene imayatsa nyale ku Blantyre.

Nanga anthu amacita ciani nyengo imeneyi? Kumapiri ndi nthawi yokolola cimanga ndi nyemba, ndipo amuna ali kalikiliki kukonza nkhokwe. Kugombe cakudya ceniceni ndi cinangwa. Amai amacikumba, nacisenda, nacibviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kwace kucoke, kenaka naciyanika pa miyala, nacisinja kukhala ufa wa kondowole. Pa dzinja cinangwa cimabvuta kuuma. Pa masika dzuwa limawathandiza. Ku Karonga mpunga wa Kilombero umakhala ukuca m'madambo, ndipo ana amacezera kuingitsa mbalame. Apa ndi pamene a kuphiri ndi a kunyanja amafunana: awa amatsika ndi nyemba, awo amakwera ndi nsomba. Palibe wa iwo amene angadye bwino caka conse popanda mnzace.

Usiku wa mdima nyanja imaoneka ngati mudzi waukuru, cifukwa ca nyale za asodzi a usipa. Kuwala kumaitana nsombazo, ndipo asodzi amazizinga ndi khoka lochedwa cilimira. M'mawa usipa umayanikidwa pa mathandala, ndipo popeza mitambo yacepa, umauma usanaonongeke. Masiku ena pamadzi pamaoneka cinthu conga utsi wa moto waukuru. Si moto ai, koma nkhungu, tizirombo touluka tobadwira m'madzi, timene anthu amatikola ndi madengu natiumba kukhala ndiwo. Mvula ikatha, mpasa ndi sanjika zimakwera mitsinje kukaikira mazira. Wochera maukonde pa matsiriro a mtsinje nthawi imeneyo amadya lero, koma akudya mbeu. Nchila inali nsomba yocuruka zedi m'zaka za m'ma 1950. Lero njosowa, ndipo anthu a kunyanja saiwala phunziro limeneli.

Masika satha mwamtendere nthawi zonse. Ca mu Meyi imayamba mphepo ya mwera, yocokera kumwera, imene imayenda utali wonse wa nyanja ndi kukafika kumpoto itautsa mafunde akuru. Imakula mu Juni ndi Julaye. Mu Julaye 1946 sitima ya Vipya inamira pa mafunde otere kufupi ndi gombe la kunsi kwa Livingstonia, ndipo anthu 145 anatayika. Sitima ya Ilala inayamba nchito m'malo mwace mu 1951. Ndico cifukwa cace msodzi wanzeru amamata bwato lace ndi kusoka maukonde ace pa masika, mwera usanakule, ndipo m'bale wa m'tauni wofuna kuthandiza kumudzi angacite bwino kutumiza thandizo lace nthawi imeneyi.

Kwa iye wofuna kukaona kwao kwa makolo, njira ndi iyi: kucokera ku Lusaka kupita ku Chipata wa ku Eastern Province, kudutsa malire pa Mwami, ndipo kupyola Mchinji, Lilongwe ndi Mzuzu. Atenge bulangete, pakuti kumapiri kumazizira usiku ngakhale kugombe kuli kofunda. Akafika pa masika adzapeza miseu irinkuuma, nkhokwe zikudzala, ndi abale ali ndi cakudya colandirira mlendo.