Chikwangwani cha pizza chimalipiridwa mwezi ndi mwezi

Wamalonda amene lesitilanti yake kapena chiwaya chake cha chipisi chayamba kubala zipatso nthawi zina amasirira chikwangwani chodziwika kale, monga cha Debonairs kapena Pizza Inn. Njira yopezera chikwangwani chotere imatchedwa franchise. Kampani imabwereketsa dzina lake, kaphikidwe kake ndi kayendetsedwe ka shopu, ndipo wobwerekayo amaikamo mpamba wake ndi kulemba antchito ake. Shopu ndi yake, ngongole ndi zake, koma malamulo ndi a eni dzina.

Mayina alipo angapo. Debonairs inayamba mu 1991 ku Pietermaritzburg m'dziko la South Africa ndipo ili m'manja mwa Famous Brands, eni ake a Steers ndi Wimpy. Pizza Inn ndi ya Simbisa Brands ya ku Zimbabwe, yomwenso ili ndi Chicken Inn. Pizza Hut ndi Domino's ndi za ku America. Ambiri posankha amayamba ndi kufunsa ndalama yolowera, pamene ndalama imene imapweteka kwambiri ndi ya mwezi ndi mwezi.

Ndalama ya pamweziyo amaidula pa zonse zimene shopu yagulitsa, osati pa phindu. Gawo lina ndi la dzina, lina ndi lotsatsira malonda. Mongoyerekeza, shopu igulitse pizza za K30 miliyoni pa mwezi. Kampani yodula 8 pa 100 itenga K2.4 miliyoni, yodula 12 pa 100 itenga K3.6 miliyoni. Kusiyana kwake ndi K1.2 miliyoni pa mwezi, K14.4 miliyoni pa chaka, ndipo pa mgwirizano wa zaka zisanu ndi K72 miliyoni. Kampani yotchipa polowa ikhoza kukhala yodula kwambiri pofika chaka chachitatu. Ndipo mwezi umene lendi, malipiro a antchito ndi dizilo wa jenereta zadya phindu lonse, eni dzina amalandirabe gawo lawo lathunthu.

Kwa wamalonda wa m'dziko muno nkhani yaikulu ili pa tchizi ndi ufa. Migwirizano yambiri imamanga mwini shopu kuti azigula katundu kwa eni dzina kapena kwa ogulitsa amene iwo avomereza, kuti pizza izikoma chimodzimodzi kulikonse. Famous Brands, mwachitsanzo, ili ndi mafakitale akeake opanga zinthu monga tchizi ndi sosi. Izi n'zabwino kwa shopu ya ku Durban, koma ya ku Lilongwe imafunika ndalama zakunja kuti katundu wotere afike, pamenenso tirigu wambiri wophikira m'dziko muno amachokera kunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Katundu woitanitsa anakwera nthawi yomweyo, koma malipiro a makasitomala sanakwere mofanana, ndipo pizza si ufa wa nsima woti banja lingaukakamire zinthu zikathina.

Choncho pakati pa makampani awiri, yoyenera kuiganizira ndi imene imalola kugula konkuno nkhuku, tomato, anyezi ndi makatoni, komanso imene yalemba momveka kuti ndalama ya pamwezi izilipidwa mu kwacha, mu randi kapena mu dola. Mzere umodzi umenewo mu mgwirizano ndi wolemera kuposa kukongola kwa mipando.

Dzina lalikulu nalo limagwa. Mu 2014 kampani ya Taste Holdings inagula ufulu woyendetsa Domino's ku South Africa, ndipo shopu zambiri za Scooters Pizza ndi St Elmo's zinasinthidwa kukhala Domino's. Pofika March 2020 bizinesiyo inathetsedwa wogula atasowa, pamene Domino's m'mayiko ena inkachitabe bwino. Imene inagwa ndi kampani yapakati. M'mayiko ambiri wamalonda sachita mgwirizano ndi likulu lenileni koma ndi amene anagula ufulu wa dziko lonselo, ndiye mabuku oyenera kuwayang'ana ndi a iyeyo. Nthawi zinanso mwini ufuluyo amatsegula shopu zonse yekha, osagawirako wina.

Ku South Africa lamulo loteteza ogula la 2008 limalamula kuti kampani ipereke chikalata chofotokoza za bizinesiyo masiku osachepera 14 munthu asanasaine, ndipo wosainayo ali ndi masiku 10 ogwira ntchito oti n'kusintha maganizo. Amalawi amene akuchita malonda ku Johannesburg ali ndi ufulu umenewu. Wa ku Blantyre kapena ku Mzuzu angathe kupempha chikalata chomwecho n'kupita nacho kwa loya, ndipo kampani yokana kuchipereka ndi yoikayikira.

Chikalatacho chisonyeze ngati eni dzina angatsegule shopu ina pafupi, amene amalipira pokonzanso shopu pakapita zaka, ndi zimene zimachitika munthu akafuna kugulitsa bizinesi mgwirizano usanathe. Za uvuni ndi chipinda chozizira magetsi akathima, amene angayankhe zoona ndi eni shopu zimene zikuyenda kale, makamaka amene anatseka zawo.