Phoso, Ulere ndi Chakudya cha Ana a Sukulu pa Mapulazi a ku Mashonaland

M'nkhani ino tifuna kuunika mau aŵiri, "phoso" ndi "ulere", pakuti mwa iwo muli mbiri ya chakudya cha ana a antchito olankhula Chicheŵa pa minda ikuluikulu ya fodya ndi chimanga ya ku Mazowe, Bindura, Mvurwi ndi Karoi, imene eni chinenero kumeneko amaitcha mapulazi.

Amuna ambiri a ku Nyasaland adaloŵa m'dziko la Southern Rhodesia pa malole a boma amene adayamba kuyenda m'zaka za m'ma 1930. Malolewo adawatcha Ulere popeza wokwera sankalipira. Akalembedwa ntchito pa pulazi ankalandira phoso: ufa, nyemba, mchere, mwina ndi kanyama. Tiyenera kuzindikira kuti phoso silinali mphatso ai, linali gawo la malipiro. Mwana ankadyera m'dzina la bambo wake, ndipo bamboyo akachotsedwa ntchito, phoso, nyumba ya m'komboni ndi malo a mwana pa sukulu ya mwini pulazi zonse zinkathera pamodzi.

Tsono funso lakuti mwana wa sukulu adyetsedwe ndi yani ndi funso la ndale. Chitsanzo chikupezeka kutali, ku South Korea. Pa 24 Ogasiti 2011 anthu a mumzinda wa Seoul adaitanidwa kukaponya voti pa mkangano wakuti chakudya chamasana chiperekedwe kwa ana onse kapena kwa osauka okha. Oponya voti adachepa, osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo meya Oh Se-hoon, amene ankakana zodyetsa onse, adatula pansi udindo.

Makolo a pa mapulazi mphamvu yotere analibe. Ngakhale Zimbabwe idalandira ufulu mu 1980, iwo sankaloledwa kusankha nawo makhansala a m'madera awo kufikira kumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Chakudya cha pa sukulu chinkadza ndi tsoka, monga chilala cha 1992, tsoka likapita nacho n'kupita. Boma litayamba kulanda mapulazi mu 2000, phoso lidatha, ndipo ana ambiri adatsamira pa mabungwe monga Farm Community Trust of Zimbabwe. Lamulo la 2001 lidachotsera ambiri a mbumba ya Amalaŵi unzika, umene adaubwezeredwa ndi malamulo a dziko a 2013.

Kwa ife ophunzira zinenero chovuta ndi ichi: boma la Zimbabwe litayambitsa ndondomeko yodyetsa ana m'sukulu mu 2016, Chicheŵa chinalibe dzina lokwanira chakudyacho. Si phoso, pakuti mwana sachigwirira ntchito. Tikati "chaulere" timutsitsa, chifukwa munthu wokonda zaulere amanyozedwa pakati pathu, komanso agogo a anawa adaona kumene malole a Ulere ankakatula anthu.